Shamada ya ku Namikoko

Dzuwa litapendeka, Mastura anagubuduza mtondo mpaka m'mbali mwa khoma, nauvundikira, nakwerapo kuti atsitse paineli padenga. Ntchito imeneyi inali itasanduka ya tsiku ndi tsiku ngati kutsekera nkhuku. Kagalasi kakuda kotchera dzuwa ako anawagulira mwana wawo Husna, amene anakwatiwa ku Entre Lagos, kuti aziyatsira babu limodzi ndi kudzazira moto m'telefoni. Ukakaiwala padenga usiku umodzi wokha, ndiye kuti wapereka mphatso. M'mawa umangopeza mawaya awiri akulendewera. Mastura anakapukuta ndi nsonga ya chitenje, nakalowetsa kunsi kwa bedi, kenaka n'kuyamba kukankhira mbuzi zitatu m'chipinda chimene kale ankagonamo Husna. Nyumba yonse inkanunkha mikodzo ya mbuzi, koma panalibe wochitira mwina.

Ife a ku Namikoko, kamudzi kathu kaja kali kuseri kwa nyanja ya Chiuta, kuba tinkakudziwa kale, koma kunali kuba kwaulemu. Munthu wanjala ankazula mitengo iwiri ya chinangwa, n'kukwirira bwinobwino pamene wazulapo. Zaka zapitazi zinthu zinasintha. Zinayamba ndi mbuzi. Titalowetsa mbuzi m'nyumba, zinasamukira ku njinga. Titamangirira njinga kumiyendo ya bedi, anayamba kukolopola maukonde pa thandala, kenaka mapaineli, mpaka njinga zamoto. Katundu yense ankalowa m'gumbwa pabwato, tambala asanalire ali kale ku Malawi. Komandu ya polisiya ili ku Insaca, ulendo wa theka la tsiku shapa, minibasi ya kwathu kuno, ikapezeka. Mmene wapolisi azifika kudzafunsa kuti mbuzi inali yamtundu wanji, chikopa chake chauma kale.

Ndiye mudzi unasankha polisiya yakeyake, amuna khumi ndi awiri a zibonga, matochi ndi mapito oliza pakamwa. Ife tinkangowatchula kuti a komunitariyu. Mtsogoleri wawo anali Feliciano, mwamuna wamtali wogulitsa shuga ndi sopo, wobadwira kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, amene anabwera kuno ali wamng'ono nkhondo itatha. Ndisakunamizeni, Feliciano sanali munthu woipa. Vuto lake linali lokonda dongosolo mopitirira muyeso, munthu woti ngakhale sopo pa shelefu amamufoletsa ngati asilikali. Iye anaganiza motere: wakuba wakutali sadziwa chipinda chimene mbuzi imagona, amachita kulozeredwa ndi wamkati, ndipo wamkatiyo usiku wa kuba sakhala pa mphasa yake. Choncho anakhazikitsa shamada, kuitana mayina monga amachitira aphunzitsi kusukulu, monganso ankachitira kukampu kumene iye anakulira.

Lamulo lake linali losavuta. Swala yomaliza ikatha ku mzikiti, a komunitariyu aziyenda khomo ndi khomo pa nthawi imene iwo afuna, lero msanga, mawa pakati pa usiku, kuti wakuba asawawerengere. Akafika pakhomo aziliza pito kamodzi, Feliciano n'kuitana mwini nyumba ndi dzina lake, mwini nyumbayo n'kuyankha ali m'kati kuti, “Ndilipo.” Wopita kunyanja azinena kusanade. Kugogoda khoma sikunkaloledwa, chifukwa aliyense angagogode. Mawu a mkazi sankawerengedwa ngakhale pang'ono. Feliciano ankati mkazi angalumbire ndi manda a amake kuti mwamuna wake ali m'nyumba, pamene mwamunayo ali pakati pa gumbwa ndi njinga ya eni ake.

Ndipo zinagwiradi ntchito, pamenepo tisabise. Mwezi woyamba anagwira amuna awiri amene sanayankhe, mmodzi anamupeza ndi maukonde atatu a eni. Mwezi wachiwiri sipanasowe ngakhale nkhuku. Anthu anayamba kusiya njinga pakhonde. Feliciano akamadutsa pamsika amayi ankamuponyera nthochi m'dengu la njinga yake.

Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kuyankha, Ibrahimo, mwamuna wa Mastura. Anali wosoka maukonde, wa zaka zoyandikira makumi asanu ndi limodzi, wosalankhula zambiri koma wouma mutu ngati chitsa cha mwanga. Mabanja akale a m'mbali mwa nyanja onse anakula akudziwa kuti usiku dzina siliyankhidwa. Ukamva wina akukuitana kunja kuli mdima, umaluma lilime n'kukhala chete, chifukwa sudziwa amene wabwereka mawuwo. Mfiti imaima kuseri kwa nyumba n'kuitana ndi mawu a mbale wako, iwe ukangoyankha, wayipatsa chogwirira. Onse ankazidziwa zimenezi, koma onse anaziika pambali chifukwa cha mbuzi ndi njinga. Ibrahimo yekha anauza Feliciano pamaso pa anthu kuti abwere masana, adzamuyankha mpaka makutu atope, koma usiku ayi. Anthu anaseka. Feliciano anang'ung'udza, koma poona imvi anangozisiya. A komunitariyu ankafika pakhomo pake, kuliza pito, kuitana, kudikira pang'ono, n'kumapita akutukwana chapansipansi.

Imfa yoyamba inali ya Bwanausi wosema mabwato, mwamuna wa chifuwa ngati chitseko, amene akaseka ankamveka kutsidya kwa dambo. Tsiku lina anadzuka wopanda mawu. Osati kusasa kwa chimfine ayi. Ankatsegula pakamwa, mitsempha ya pakhosi n'kutupa, koma osatuluka ngakhale kamphepo. Anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala, namwino anaunika kukhosi n'kunena kuti sakuonapo chilonda, anamupatsa mapiritsi. Tsiku lachiwiri anakana chakudya. Lachitatu anamwalira maso ali tong'o, akuyang'ana kuchitseko. Amene anasambitsa mtembo ananong'onezana kuti m'kamwa mwake munkatuluka fungo la matope a pansi pa gumbwa, matope akuda aja amene amanunkha ngati dzira lovunda. Koma munthu wosema mabwato kununkha matope n'chachilendo ngati? Tinamuika, tinabwerako.

Patangopita masabata awiri, Samueli wokonza njinga pamsika anadzukanso chimodzimodzi, ndipo tsiku lachitatu anamutsatira Bwanausi. Apa ndiye manong'onong'o anayamba kuyenda ngati moto wa m'mankhusu. Mastura anamva nkhani yake pa mjigo kuchokera kwa Luisa, mkazi wa Samueli, maliro atatha. Luisa anayang'ana uku ndi uku asanalankhule, kenaka anati usiku umenewo shamada inabwera kawiri. Koyamba anamva pito, mapazi ambiri, Samueli anayankha, anagona. Chakum'bandakucha pito linaliranso, dzina linaitanidwanso, ndipo Samueli, tulo tili m'maso, anayankhanso akudandaula kuti anthu awa satopa.

“Mawu ake anali a ndani?” anafunsa Mastura.

“A Feliciano. Enieni.”

“Simunamve chosiyana?”

“Palibe, mayi. Fungo lokha, atapita.”

Feliciano atamva anakwiya zedi. Analumbira kuti pakhomo pa Samueli anafikapo kamodzi kokha, ndipo amuna khumi ndi mmodzi amene anali naye anavomereza. Koma mudzi ukayamba kukayika, umboni umangothira mafuta. Ena ankati amuna khumi ndi mmodziwo akumubisa. Ena ankati mmodzi mwa iwo ndiye amatsalira m'mbuyo. Ena ankakumbutsa kuti Feliciano anakulira kunja, ndani akudziwa zimene anadya kumeneko? A komunitariyu eniake anayamba kuwerengana m'njira, aliyense osafuna kuyenda patsogolo pa mnzake.

Shehe anapempha kuti shamada iyambe yaima. Inaimadi, masiku anayi. Usiku wachinayi njinga yamoto ya mphunzitsi inatuluka m'nyumba mwini wake ali mtulo, pamodzi ndi mbuzi zisanu ndi imodzi za makomo atatu. M'mawa mwake anthu omwe aja ankalira za ufiti anali pakhomo pa Feliciano kumupempha kuti ayambirenso. Ndimotu mmene tilili anthu. Imfa timati mwina igwera mnzathu, koma mbuzi ikapita ndi yako.

Shamada itabwerera, amuna anapeza nzeru yawo. Anapangana kuti aziyankha kamodzi kokha pa usiku, kuitana kwachiwiri kukhale kwa mwini wake. Nzeru imeneyi inatha sabata imodzi. Husseini, msodzi wa ana anayi, anayankha kamodzi kokha monga mwa pangano, ndipo pito lachiwiri litalira analuma lilime. Kutacha a komunitariyu anabwera ndi chingwe kudzamufunsa kumene anali, popeza iwo ataitana sanayankhe. Anamupeza atakhala pamphasa, pakamwa pali yasa, misozi ikutsika. Chinthu chija usiku umenewo chinali chitawatsogolera.

Maliro a Husseini ndi amene anatembenuza maso a mudzi. Sindidziwa amene anayamba, koma pobwerera kumanda funso linali pakamwa pa aliyense. Ibrahimo anadziwa bwanji? Tonse tinkaudziwa mwambowo, inde, koma n'chifukwa chiyani iye yekha anaumirira kuyambira tsiku loyamba, imfa isanagwe ngakhale imodzi? Munthu amene saponda pamene pali msampha, kawirikawiri ndiye anautchera. Ndipo popeza sayankha, ndani angatsimikize kuti usiku amakhala m'nyumba? Mwina ndiye amalozera akuba. Mwina ndiye amayenda kuseri kwa nyumba ndi mawu obwereka. Mwina zonse ziwiri, poti mfiti ndi mbala amamwera chikho chimodzi. Palibe amene anakumbuka kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Asodzi anasiya kubweretsa maukonde oti asoke. Ku mzikiti, amuna oima naye mzere umodzi ankasiya mpata woti n'kudutsa ng'ombe. Mastura akafika pa mjigo, amayi ankanyamula zidebe zosadzaza n'kumapita. Zodiwa, mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, amene kwa zaka makumi awiri ankapalana naye moto ndi kubwerekana mchere, anayamba kutseka chitseko akangomva mapazi ake. Zimenezi zinamupweteka Mastura kuposa zonse, ndipo analira kuseri kwa bafa kumene mwamuna wake sakanamuona. Kenaka m'mawa wina, potsegula chitseko, anapeza tayala lakutha la galimoto litatsamiritsidwa pakhoma. Ku Namikoko kulibe galimoto. Munthu anachita kulisenza kuchokera kumsewu, ndipo tanthauzo lake ngakhale mwana ankalidziwa, chifukwa chaka chathachi mudzi wina wa kumtunda unatentha munthu woganiziridwa kuba ndi tayala ngati lomwelo.

Masana a tsiku limenelo Feliciano anabwera yekha, wopanda chibonga. Anakana mpando. Anaima pafupi ndi Ibrahimo, amene ankasoka ukonde wake womwe poti wa eni panalibe, n'kumuuza kuti anyamata atopa ndipo iye sangathenso kuwagwira. Anati anyamatawo apangana kuti usiku womwewo, shamada ikafika pakhomo pano popanda yankho, athyola chitseko, ndipo zotsatira zake iye sadzakhala nazo mphamvu. Mastura anagwada. Anapempha kuti mwamuna wake azingotulutsa dzanja pawindo, kapena a komunitariyu agone pakhonde usiku wonse adzionere okha. Feliciano anapukusa mutu. Anati palibe mnyamata amene angavomere kugona pakhonde limenelo, ndipo zimene anthu akufuna si dzanja, akufuna aone ngati Ibrahimo angaike khosi lake pamene anzake onse akuikapo.

“Liwu limodzi lokha, bambo,” anatero Feliciano. “Ndine ndemwe ndidzaitane.”

Ibrahimo sanakweze mutu. “Kwa Samueli munaitananso ndinu.”

Feliciano anakwera njinga yake n'kumapita. Mastura anamuyang'anitsitsa msana mpaka anakhota. Sanadziwe ngati waona munthu wachisoni kapena munthu wodziwa kubisa.

Madzulo ake anthu awiriwa anakangana monga sanakanganepo chikwatiranire. Mastura anati athawe, apite kwa Husna ku Entre Lagos. Ibrahimo anati njira yonse ili ndi maso, ndipo wothawa wavomera mlandu. Akamugwira panjira sadzafunsanso. Mastura anati ndiye ayankhe, poti amuna oposa makumi asanu amayankha usiku uliwonse ndipo afa atatu okha, pamene tayala lili pakhomo ndi la munthu mmodzi. Ibrahimo anati moto wa anthu umawotcha thupi n'kuthera pomwepo, koma chinthu chija chikatenga mawu ako, sudziwa kumene chikakugwiritse ntchito, mwina udzakhala iwe woitana anzako kuseri kwa nyumba zawo. Anati iye akafa afe ndi mawu ake, awagwiritse ntchito potchula dzina la Mulungu pomaliza. Mastura anamutcha wouma mtima, wosaganiza za mkazi amene adzatsale akutola mafupa m'phulusa. Ibrahimo anangotawaza kukonzekera pemphero, naswali, nagona chagada maso ali kudenga.

Mvula inayamba cha m'ma naini, yamphamvu, yoomba malata mpaka munthu osamva kupuma kwake. Mastura anakhala tsonga pamphepete pa bedi. Kamphindi kalikonse ankaona ngati wamva mapazi, ngati wamva fungo la petulo. Mbuzi m'chipinda china zinkapondaponda. Kenaka mvula inachepa n'kusanduka yowaza, mbuzi zinangoti zii, ndipo kunja, pafupi kwambiri ndi windo, pito linalira kamodzi.

“A Ibrahimo.”

Anali mawu a Feliciano, otopa, aulemu, omwe aja a masana. Ibrahimo sanagwedezeke. Mastura anamugwira phewa n'kumugwedeza, namunong'oneza kuti chonde, bambo a Husna, chonde. Mwamunayo anatseka maso, milomo ili yomata.

“A Ibrahimo.”

Tsopano Mastura anamva china chikukhwekhwerezeka m'matope pafupi ndi khoma, cholemera, chozungulira. M'mutu mwake anaona zonse: chitseko chikugwa, matochi, chingwe, mwamuna wake akukokedwa miyendo pabwalo pamene ankayanikapo mpunga. Ndipo m'mantha akewo munabwera ganizo limene linaoneka ngati lanzeru. Mwamuna wake walumbira kuti sayankha, chabwino, asayankhe. Dzina loitanidwalo si la Mastura, ndiye iye akalankhula palibe mwambo umene wathyoka. Mwina anyamata akamva mawu a mayi wachikulire akunjenjemera adzachita manyazi, mwina adzayamba kukangana naye, mkangano n'kufika m'mawa.

“A Ibrahimo.”

“Alipo!” anakuwa Mastura. “Alipo, ali pompano, ndamugwira ndi manja anga!”

Mastura anadikira kuti Feliciano amukalipire, amuuze monga ankauzira akazi onse kuti mawu a mkazi sawerengedwa, mwini dzina alankhule yekha. Anadikira phokoso la anyamata, chibonga pachitseko. Anali atakonzeka kukangana nawo mpaka kucha.

“Zikomo, mayi,” anatero mawu aja mofatsa.

Panalibe china. Palibe phazi limene linaponda m'madzi pochoka, palibe tochi imene inawala pa mng'alu wa windo. Apa Mastura anazindikira kuti china chalakwika, chifukwa miyezi yonseyi Feliciano anali asanalandirepo yankho la mkazi, ngakhale la mkazi wa shehe. Kenaka fungo linalowa pansi pa chitseko pang'onopang'ono, lozizira, la matope akuda, mpaka linaphimba ngakhale mikodzo ya mbuzi.

Ibrahimo anadzuka n'kukhala pambali pake. Sanakalipe. Anamugwira dzanja.

“Mwatani, make Husna?”

Mastura anayesa kufotokoza kuti iye sanayankhe dzina, kuti mwamunayo sanatsegule pakamwa, kuti sizingagwire. Ibrahimo anati mwina n'zoona. Kenaka anayamba kulankhula, munthu amene masiku onse mawu ake ankachita kuwapempha. Analankhula usiku wonse ngati munthu wokolola mvula isanabwere. Anamuuza zoti akauze Husna. Anamuuza kuti mbuzi yaikazi yamawangayo asaigulitse, ili ndi bere. Anakumbutsa tsiku limene anamuona koyamba akupeta mpunga kwa amalume ake, atavala mpango wobiriwira, iye n'kudutsa pakhomopo kanayi ngati wasochera. Pakati pa nkhanizo ankabwereza mawu a chikhulupiriro chake mokweza, kuti ngati sadzatha kuwanena pa tsiku lake, akhale atanenedwa kale. Mastura ankamvetsera liwu lililonse, kufunafuna pamene layamba kuchepa, ndipo silinachepe. Kuitanira swala ya m'bandakucha kutamveka ku mzikiti, mawu a Ibrahimo anali akadali athunthu. Anaswali, nati agoneko pang'ono. Mastura anayamba kukhulupirira kuti apulumuka.

Kutayera anatuluka panja. Bwalo lonse linali matope ofewa, oti ngakhale nkhuku ikadutsa isiya chizindikiro. Anazungulira nyumba kawiri. Pansi pa windo panalibe phazi la munthu ngakhale limodzi.

Dzuwa litakwera pang'ono anamva njinga yamoto ikubwera, ndipo amene anatsika kumbuyo kwake anali Feliciano, thalauza lili matope mpaka m'mawondo, nkhope ikuwala. Anthu anayamba kutuluka m'makomo kumutsatira. Anaima pabwalo la Ibrahimo n'kulengeza kuti dzulo, atangochoka pano, analandira telefoni yomuitana ku komandu. Akuba anagwidwa pafupi ndi malire ali ndi njinga yamoto ya mphunzitsi ndi mapaineli asanu ndi awiri, ndipo anatchula amene ankawalozera, mmodzi wa a komunitariyu eniake, mnyamata amene ankadziwa nthawi ya shamada usiku uliwonse. Dzina la Ibrahimo silinatuluke paliponse. Iye anagona ku Insaca chifukwa cha mvula, ndipo asananyamuke anauza anyamata kuti shamada kulibe, wina aliyense asayandikire khomo lino mpaka iye atabwera. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi kuyambira dzulo madzulo. Kungoti panalibe amene ankalankhula ndi banja la Ibrahimo, ndiye panalibe amene anawauza.

“Ndabwera kudzapepesa pamaso pa anthu,” anatero Feliciano. “Kwacha tsopano, angathe kundiyankha. A Ibrahimo!”

Chitseko chinatseguka. Ibrahimo anatuluka atavala mkanjo wake woyera ndi kofiya, naima pakhonde, nayang'ana Feliciano, nayang'ana anthu. Anatsegula pakamwa. Mitsempha ya pakhosi inatupa. Anayesanso kachiwiri, dzanja lili pachifuwa, kenaka anatseka pakamwa n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

“Koma munabwera usiku,” anatero Mastura. “Munaitana katatu.”

“Ine ndinagona pa benchi ku komandu, mayi. Apolisi anayi ndi mboni.”

“Iwo sanayankhe. Ndikulumbira, sanayankhe.”

“Nanga anayankha ndani?”

Mastura anayang'ana pakamwa pa Feliciano pamene mawuwo ankatuluka. Anali mawu omwe aja, osasiyana ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero palibe amene angakuuzeni ngati benchi ya ku komandu inagonedwa ndi munthu yense kapena thupi lokha. Mastura sanafunikenso kuyankha funsolo, chifukwa kuseri kwa mpanda kunali Zodiwa, amene usiku uja mvula itachepa anamva zonse.

Anayesa zonse zimene anthu amayesa. Kuchipatala anapita, shehe anawerenga, Husna anafika ndi shapa tsiku lachiwiri akulira. Ibrahimo sanasonyeze mkwiyo ngakhale kamodzi. Ankangogwira dzanja la mkazi wake, ndipo akafuna kuchoka kukatunga madzi ankalikoka kuti akhale. Anamwalira tsiku lachitatu, Lachisanu, dzuwa lili paliwombo.

Maliro ake anali aakulu kuposa onse amene ndinawaonapo ku Namikoko. Amuna omwe aja ankasiya mpata mu mzikiti ankalimbirana kusenza jeneza yonyamulira mtembo, aliyense akunena kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti mkuluyu anali wosalakwa. Zinandinyansa, ndipo zimandinyansabe. Zinatengera imfa kuti mudzi ukhulupirire kuti munthuyo sanali mfiti. Koma anthu anayi anali atafa, woitana anali asanapezeke, ndipo mudzi wamantha sukhala nthawi yaitali wopanda womuloza.

Amuna ali kumanda, akazi anatsala m'nyumba ya siwa atazungulira Mastura pamphasa monga mwa mwambo. Zodiwa anaweramira kwa mayi amene anali naye pafupi n'kunong'ona. Mayiyo anatembenukira kwa wina. Mawu anayenda m'mbali mwa khoma mpaka anafika kwa mayi wina wachikulire wa kubanja la malemu, amene sananong'one, analankhula momveka akuyang'ana pansi.

“Enawo anadzipereka okha ndi pakamwa pawo. Uyu anakana mpaka mapeto. Mfiti sitenga munthu wokana, pokhapokha wa m'nyumba mwake atayipatsa.”

Palibe amene anatsutsa. Mayi mmodzi anati akukaona madzi pamoto, natuluka. Wina anati mwana akulira kunyumba. Luisa anakhalako pang'ono, akupotokola nsonga ya chitenje chake, kenaka naye anaimirira osayang'ana m'mbuyo. Husna anayang'ana amake, nafunsa chapansipansi ngati n'zoona kuti ananena mawu amenewo. Mastura anagwedeza mutu kuvomera. Husna anadzuka, nati akukapuma mphepo panja.

Mmene amuna ankabwerako kumanda, pamphasa ya namfedwa panali patatsala Mastura yekha.